Keziah ndi Chipewa cha Zitsiru

Keziah anali ndi zaka khumi. Ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuvula chipewa cha zitsiru.

Chipewacho chinali cha pepala, chachitali, chosongoka. Wolephera kuyankha m'kalasi ankachivala. Keziah ankachivala tsiku ndi tsiku.

M'mawa Keziah ankagwira ntchito kufakitale yowomba nsalu. Makina ankalira. Ankalira kwambiri. Kumeneko anthu samvana ndi makutu. Amayang'anana pakamwa.

Masana Keziah ankapita kusukulu. M'makutu munkalirabe makina.

Aphunzitsi anali a Ormerod. Ankafunsa mafunso akulemba pa bolodi, atafulatira ana. Keziah sankamva kanthu.

"Dunce! Chitsiru!" ankatero a Ormerod. "Pakona!"

"Mutu ngati kabichi!" ankaimba anzake.

Lachisanu kunagwa mvula. Keziah anafika kunyumba atanyowa.

"Amayi, kusukulu sindipitanso."

"Akukutcha chiyani?"

"Dunce."

"Ine ankanditcha Ninnyhammer," anatero amayi. "Agogo ako ankawatcha Mooncalf. Mayina amenewo anafa kalekale. Lakolo lidzafanso. Koma ife sitidikira. Pukuta mamina."

Lolemba amayi analowa m'kalasi, thonje la kufakitale lili m'tsitsi.

"Aphunzitsi, ndinong'onezeni funso."

A Ormerod anadabwa, koma ananong'ona. Amayi anakaima kukhomo kuti abwereze funsolo kwa Keziah. Anagwedeza milomo. Mawu sanatuluke.

"Khumi ndi ziwiri!" anayankha Keziah.

A Ormerod ananong'onanso. Amayi anagwedezanso milomo.

"Makumi awiri!"



"Wakhoza," anatero a Ormerod.

"Makutu ake anatha ndi makina," anatero amayi. "Amamva ndi maso. Nanga msana wanuwo uli ndi pakamwa?"

Nkhope ya a Ormerod inafiira. Anatembenukira kwa Keziah. Anamufunsa okha, akumuyang'ana. Keziah anakhoza.

Tsiku limenelo pakona panalibe munthu.

Madzulo kunja kunali utsi ndi mvula. M'makutu mwa Keziah munkalirabe makina. Amayi anathira tiyi. Bambo anadula buledi.

Kenako bambo anamuyang'ana Keziah. Anagwedeza milomo. Mawu sanatuluke.

Keziah anaseka.

"Akuti chiyani bambo akowa?" anafunsa amayi.

"Akuti mawa mupite kwa abwana awo, mukawakonze ngati aphunzitsi!"