Manja a Edesi

Edesi akavala magolovesi aja n'kutsitsa magalasi kumaso, kachipinda kake ka ku Mbayani kankazimiririka. Phokoso la tindege tonyamula katundu todutsa pamwamba pa malata linkazilala, ndipo iye ankapezeka m'chipinda choyera cha kutsidya kwa nyanja, pambali pa bedi la gogo wina dzina lake Helena. Makinawo ankatchedwa manjakutali. Ukapinda chala uli kwanu, loboti ya kutsidyako inkapindanso chala. Loboti ikapisa m'madzi ofunda, iwe kuno unkamva kufundako m'zikhato.

Chinali chaka cha 2058. Kwa zaka khumi ndi ziwiri Edesi anali gadiyani waganyu pachipatala chachikulu cha mumzinda, kusamalira odwala amene abale awo ali kutali. Anthu ankamulimbirana. Anali ndi kachitidwe kakekake: akatha kusambitsa wodwala, ankapindira bulangete kunsi kwa mapazi, kenako n'kusisita kawiri pachidendene, ngati akuti ndili pompano.

Ntchito yatsopanoyi inamupeza yokha pafoni. Bambo wina wa taye, a Kapalamula, ankamwetulira pagalasi la foniyo.

"Mayi, mukugoneranji pasimenti m'wodi? Gwirani ntchito muli pakhomo panu. Za mwezi umodzi ziposa zimene mumapeza pachaka. Koma malo atsala atatu okha, mawa tikutseka."

Panangofunika ndalama yolembetsera ndi yogulira makinawo. Edesi anagulitsa mashini osokera amene anamusiyira malemu mayi ake. Sanafunse kuti ofesi yawo ili kuti. Anachita manyazi kufunsa munthu waulemu chotero.

Miyezi itatu inatha osalandira kanthu. "Malipiro anu alipo, angotsekeka kumalire," ankatero a Kapalamula. "Mukabweretsa mnzanu mmodzi zifulumira." Edesi anabweretsa mlamu wake Livinesi, wogulitsa tomato pamsika. Sizinafulumire. Tsiku limene anaganiza zosiya, gogo Helena anagwira dzanja la loboti, makina n'kumasulira mawu ake m'Chichewa: "Mwana wanga, manja ako ndi ofunda ngati a malemu mchemwali wanga. Usandisiye." Edesi analira m'magalasi momwemo, ndipo sanasiye.

Tsopano a Kapalamula ankafuna chikalata cha nyumba. Ankati chikhala chikole cha masiku ochepa chabe, kuti ndalama zidutse malire, ndipo chitumizidwe pofika Lachisanu. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri, yokhayo imene mwamuna wake anamusiyira iye ndi mwana wawo Ulemu. Edesi anali atachichotsa kale chikalatacho m'sutikesi n'kuchiika patebulo.

Lachinayi masana Livinesi anagogoda, atanyamula mbale ya mbatata yovindikira ndi kansalu.

"Amake Ulemu, mwaondatu ngati wodwalayo ndinu. Tadyani, zikadali zotentha."

Anakhala pakhonde. Livinesi anasenda mbatata yaikulu n'kumupatsa Edesi, iye n'kutenga kakang'ono.

"Ine ndalamazo ndinazitaya kale mumtima," anatero. "Chikundigwira ndi gogo wanga uja. Dzulo akuti manja anga ndi ofunda ngati a malemu mchemwali wake. Manja a tomato awa, okhakhala ngati chitsononkho!"

Edesi analeka kutafuna.

"Dzina lake ndani, mlamu?"

"Helena."

"Ali ndi chipsera pachigongono chakumanzere?"

"Inu mwadziwa bwanji?"

Livinesi anathamangira kwawo kukatenga makina ake. Anakhala pamphasa imodzi, mapewa atagundana, onse n'kuvala nthawi imodzi.

"Kwanuko akutani?" anafunsa Edesi.

"Akumwa tiyi. Akuti ndimuthirire shuga."

"Kwanga kuno ali mtulo."

"M'chipindamo muli ndani wina?"

"Ndili ndekha."

"Inenso ndili ndekha."

Onse anavula magalasi. Edesi anazindikira kuti gogo Helena sanali munthu weniweni. Miyezi itatu yonse ankasambitsa chithunzi, kuchitembenuza kuti chisatuluke zilonda, kuchipempherera asanadye.

Anaimbira a Kapalamula, mawu ake ali otsika monga mwa nthawi zonse.

"Bambo, chikalata chija ndikufuna ndidzapereke pamanja. Ofesi yanu ili pati?"

"Za maofesi ndi zachikale, mayi. Ingochijambulani mudinde chala."

"Nanga agogo aja ali ndi mwana woti ndingalankhule naye?"

Nkhope ija inapitiriza kumwetulira, osaphethira, kenako foni inaduka. Pofika m'mawa magalasi anali atada bii, magolovesi ali ngati nsanza wamba.

Kupolisi Edesi ndi Livinesi anapeza mzere wa amayi, aliyense ndi jumbo ya magolovesi. Wapolisi wamkazi anapatsa Edesi mpando wake womwe ndi kapu ya madzi.

"Musadzione opusa, mayi, mulipo ambiri. Kapalamulayo si munthu, ndi nkhope yopangidwa ndi kompyuta ngati gogo wanuyo. Ntchito yeniyeni siyamba ndi kukulipiritsani, komanso sikuthamangitsani kuti mawa tikutseka. Mwachita mwayi nyumba simunapereke. Awo ali pakhomowo anapereka."

"Nanga ngati ankangofuna ndalama, ankatigwiritsiranji ntchito tsiku lonse?"

Wapolisiyo anangopukusa mutu. Zimenezo sankazidziwa.

Panjira Edesi anayesa kupepesa. Livinesi anamudula.

"Aaa, mlamu, kodi munandimanga chingwe? Benchi yanga ndi yaitali. Zikavuta muzidzaika anyezi mbali inayo."

Edesi anatha masabata angapo osatuluka, kuopa maso a anthu. Kenako anachapa chitenje chake chabwino n'kupita kuchipatala kukapempha ganyu yake yakale. Anakumana ndi namwino wamkulu, Sisitala Mkwapatira, amene ankamudziwa kuyambira kale.

"Edesi, unasowa kuti? Pepa mwana wa amayi, magadiyani aganyu tinasiya mwezi wathawu. Kwabwera maloboti, otchipa zedi. Bwera udzaone, udabwa."

M'wodi ya abambo munali zii. Pansi panalibe mphasa za magadiyani, panalibe mabeseni kapena mafulasiki a phala. Loboti yoyera inali kumaliza kupukuta mkulu wina wowonda. Inkagwira mofatsa, kuchirikiza khosi ndi chikhato chimodzi.

"Ogulitsawo akuti anaphunzira kwa manja a akatswiri," ananong'ona Sisitala. "Kaya akatswiri a dziko liti."

Loboti ija inakoka bulangete, n'kulipindira kunsi kwa mapazi a mkuluyo. Kenako inasisita kawiri pachidendene.

Mkuluyo anausa moyo, nkhope n'kumasuka, n'kugona.

"Waona? Odwala akuikonda," anatero Sisitala. Atatembenuka anaona nkhope ya Edesi, ndipo anamugwira paphewa.

Edesi anathokoza n'kutuluka. Kunja kunkawaza kamvula. Anayenda wapansi kulowera kumsika, kubenchi ya Livinesi, manja atawabisa m'chitenje. Nyumba anaipulumutsa, koma chimene akuba aja anatenga sichinali m'sutikesi, ndipo chinali kugwirabe ntchito m'wodi muja, mwini wake ali panja.