Dzina Lachitatu pa Pepala la Achoko

Pa yunivesite, mphunzitsi wosatulutsa kafukufuku amakalambira pa mpando umene anayambira. Achoko ankaphunzitsa za madzi ndi nthaka, ndipo ophunzira anawapatsa dzinali chifukwa jekete yawo imodzi yomweyo inkakhala mbuu ndi choko. Ofesi yawo inali kunsi kwa masitepe, ya windo losatseguka. Pepala lililonse la kafukufuku limene ankalemba linkabwezedwa, ndipo mabungwe opereka thandizo sankawayankha n'komwe. Mkazi wawo anamwalira kalekale n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi, amene tsopano ankaphunzira masamu pa yunivesite yomweyo.

Chimene chinkawadya moyo anali mnzawo wophunzitsa zachuma, amene anayamba naye ntchito limodzi. Ameneyo anali atakhala pulofesa, mwezi uno ali pa ndege, mwezi wamawa wasintha galimoto. Akawapitirira pa msewu ankaliza hutala n'kukweza dzanja. Kungokweza dzanja, osaima! Nsanje ndi matenda oipa, ndipo ikagwira munthu wophunzira amaipezera zifukwa zomveka.

Tsiku lina masana Achoko analowa m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yokonzera mafoni, kumene anamva kuti kuli sing'anga. Munalibe zikopa kapena mikanda. Munali tebulo, mipando iwiri, ndi bambo wa malaya osita bwino amene ankawenga zikhadabo.

"Khalani, aphunzitsi," anatero sing'angayo. "Mukufuna chuma kapena kutchuka?"

"Zonse."

"Anthu a sukulu mulibe manyazi ayi. Koma mudziwiretu, ine nzeru sindipanga. Ndimangosamutsa. Zikadzadza mwa inu, ndiye kuti penapake zaphwa."

Anatulutsa kabotolo ka mafuta akuda n'kukaika patebulo.

"Muzipaka kuzala musanalembe. Koma mankhwala opanda chizimba ndi masamba chabe. Paja kwanuko amene wathandiza pa kafukufuku dzina lake limalembedwa pa pepala?"

"Ndi mwambo wathu, inde."

"Basitu, musaphwanye mwambo. Pa pepala lililonse pazikhala dzina la wophunzira. Akuluakulu anzanuwo ayi, mitu yawo inauma kale. Ndikufuna nzeru zanthete."

"Nanga wolembedwayo chimuchitikire n'chiyani?"

"Safa."

"Komano..."

"Ndati safa. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, aphunzitsi. Ndipo pepala likangotuluka, dzina silifufutika."

Achoko anatenga kabotolo kaja. Munthu amene ankaphunzitsa ana kuti azifunsa mpaka amvetse sanafunsenso kanthu.

Woyamba anali mnyamata wa digiri yachiwiri amene ankawanyamulira mabotolo a madzi kuchokera kuzitsime. Ataona dzina lake pa pepala anathokoza mpaka misozi. Pepalalo linasindikizidwa kunja, bungwe lina linatumiza thandizo, ndipo Achoko anagula galimoto. Pasanapite nthawi mnyamata uja anapezeka m'laibulale atagwira buku chozondotsa, akungomwetulira. Anthu anati anawerenga mopitirira muyezo, ena anati ndi chamba. Makolo ake anabwera kudzamutenga.

Wachiwiri anali mayi wa ana awiri amene ankaphunzira uku akugwira ntchito. Tsiku lina anaima pakati pa labotale n'kufunsa anzake kuti kuno ndi kuti. Achoko anatsekera chitseko cha ofesi n'kusanza m'bini. Koma mwezi womwewo anakwezedwa kukhala pulofesa, ndipo chikumbumtima chinagona.

Anamanga nyumba ya mpanda. Anasamukira ku ofesi ya kapeti. Chinthu chimodzi chokha anachigwira mwamphamvu: mwana wawo asayandikire ntchito yawo.

"Ababa, matebulo a manambalawo ndikhoza kukuthandizanitu," ankatero mtsikanayo.

"Usakhudze! Ku ofesi kwanga ndisadzakuone, wamva?"

Mwanayo ankachoka ali ndwii, akuganiza kuti bambo ake amamuona ngati mbuli. Zimenezi zinkamuwawa kuposa mmene Achoko ankadziwira.

Kenako kunabwera kafukufuku wamkulu, wofufuza chifukwa chimene ana a m'dera lina ankadwalira impso. Bungwe lolipira linafuna kuti akatswiri a maphunziro osiyanasiyana agwirire limodzi, choncho Achoko anagwirizana ndi dokotala wina wamkazi wa ku sukulu ya zaumoyo, munthu wachilungamo mpaka kutopetsa. Pa dzina lachitatu Achoko analembapo wophunzira wina amene ankangomudziwa nkhope, n'kukwera ndege kupita ku msonkhano kunja. Zotsala zonse anasiyira dokotalayo. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Atabwerako, dokotala uja anawachingamira pakhonde la maofesi, foni ili m'manja, nkhope ili mwee.

"Apulofesa, pepala lathu latuluka dzulo! Koma ndinakonza pang'ono. Wophunzira munalemba uja sanagwireko ntchito, ndinamuchotsa. Manambala anatizunguza mutu, ndiye ndinapita ku masamu kukapempha wophunzira wanzeru kuposa onse. Mukudziwa anandipatsa ndani? Mwini wakeyo anandipempha kuti ndisakuuzeni, akuti mudzaone nokha kuti naye amatha."

Achoko anayang'ana pa foniyo. Dzina loyamba linali lawo, lachiwiri la dokotala. Lachitatu linali la mwana wawo.

Kunyumba anapeza chitseko chili pululu, mpope wa kukhitchini ukungotaya madzi. Mwana wawo anali atakhala pansi pabalaza, nsapato imodzi ili m'manja, akuitembenuzatembenuza ngati chinthu chimene sanachionepo.

"Mayi," anaitana Achoko, monga ankamuitanira ali wakhanda. "Mayi, ndine."

Mtsikanayo anadzutsa mutu n'kumwetulira mwaulemu.

"Takulandirani. Mwabwera kudzaona ndani?"

Masana omwewo Achoko anali kuseri kwa shopu ya mafoni, atagwada pa simenti.

"Tengani nyumba, tengani galimoto, tengani upulofesawo! Mubwezereni mwana wanga nzeru zake."

"Ndibweze chimene sindinasunge?" anafunsa sing'anga. "Zili kwa inu. Tamverani bwino m'mutu mwanumo."

Achoko anamvetsera. Ndipo anamvadi. Masamu amene moyo wawo wonse sanawamvetsepo ankayenda m'mutu mwawo mosavuta, oyalidwa mwaukhondo, ndendende mmene mwana wawo ankawayalira. Anakuwa mpaka okonza mafoni anathawa m'shopu.

Analembera osindikiza kuti pepalalo lichotsedwe. Anayankhidwa kuti ndi kafukufuku wabwino kwambiri, alibe chifukwa cholichotsera. Mmawa wina alonda anawapeza pakhomo la laibulale akumenyetsa mutu kukhoma, magazi ali chuchuchu, akufuula kuti, "Tulukani! Bwererani kwa mwini wake!" Anawamanga ndi zingwe n'kupita nawo ku chipatala cha odwala misala, kumene ali mpaka lero. Mtsikana uja anatengedwa ndi azakhali ake, amene amamusambitsa ndi kumudyetsa ngati mwana.

Chuma cha mankhwala sichibwera chaulere, abale. Chimalipiridwa ndi anthu, chimayamba ndi ana a eni, ndipo sichikhuta mpaka chitalowa m'nyumba mwako. Ndi bwino kukalamba wosauka mwana wako akukudziwa, kusiyana ndi kutchuka dziko lonse iye akukufunsa kuti ndiwe ndani.