Dzanja la Keziah Thwaite

Nkhani iyi sindikupeka ayi. Tabitha Thwaite anaona mapepalawo ndi maso ake, ndipo anali mayi wosadziwa kunama ngakhale pocheza.

Mlamu wake Keziah, mayi wamasiye wa ku Skipton, ankakopera nkhani za mizukwa za bambo Holroyd, poti zolemba za mkuluyo osindikiza sankatha kuziwerenga. Mkuluyo anali ndi lamulo lake lomwe ankalinena mpaka kutopetsa: m'nkhani munthu safa zisanaoneke zizindikiro zitatu. "Wowerenga azimva kuti imfa ikubwera, mayi, koma asaione."

M'mutu woyamba Keziah anakopera za wotchi yoima yokha m'nyumba ya kamtsikana kodwala chifuwa. Atafika kwawo anapeza wotchi yake yaima. M'chipinda cham'mwamba Lettie, mwana wake yekhayo, ankakhosomola. Mutu wachiwiri unanena za fungo la dothi lonyowa pamakwerero. Mvula sinagwe sabata imeneyo, koma fungolo linalipo, Tabitha nayenso analimva.

Keziah anapita kwa mkulu uja.

"Bambo, chonde, kamtsikanako musakaphe."

"Kamtsikana kati?"

Anawaonetsa zomwe anakopera. Bambo Holroyd anatulutsa mapepala awo n'kuwayala pambali. Munalibe wotchi. Munalibe fungo. Munalibe mwana.

"Izi si zanga, mayi," anatero motsitsa mawu. "Mwalemba ndinu. Ndipo zizindikiro zakwana kale ziwiri."

Keziah sankakumbukira kuti anawonjezapo liwu. Anachita mantha ndi dzanja lake lomwe. Tsiku lomwelo anataya inki kuseri, anathyola zolembera zonse, ndipo pogona anauza Tabitha kuti amumangirire dzanja lamanja kuchitsulo cha bedi.

"Mangitsani, mlamu. Musandimvere chisoni."

Kutacha, Tabitha anapeza chingwe chili momwe anachisiyira. Koma zala za kumanzere za Keziah zinali bii ndi mwaye. Patebulo, uko kutali ndi bedi, panali pepala lolembedwa mpaka pansi.

"Ndiwerenge?" ananong'ona Tabitha.

"Ayi. Tamverani kaye."

Anatchera khutu. Kunja ngolo ya mkaka inadutsa. Khala linathetheka pamoto. M'mwamba, momwe Lettie anakhosomola masabata asanu osapumira, munali zii.

"Mwina wachira," anatero Tabitha, akugwira mfundo kuti amasule.

"Zisiyeni," anatero Keziah. "Musandimasule kaye."