Mutu wa Buluzi wa M'nyanja

"Fulumirani, amayi inu, madzi akubwera!" anakuwa kapitawo Chikakuda ali pamwamba pa phompho.

Nasimango anazika chitsulo pansi pa mwala, chigoba chake chikulira ngati njuchi. Chigoba chinali makina ovala: mipiringidzo yopepuka yogwira miyendo, manja ndi msana, yopatsa munthu mphamvu za ng'ombe. Kuseri kwa khutu ankamatako kabatani kozimitsa ululu, kuti wantchito asamve kutopa.

Masiku amenewo anthu anali atasiya kupita ku Joni. Ankapita kugombe la Angola kukakumba mafupa a abuluzi a m'nyanja, zilombo zazikulu kuposa basi zimene zinafa kalekale n'kusanduka miyala. Gulu la Nasimango linali litafukula chilombo chonse, kutsala mutu wokha. Mutuwo ukafika pamwamba, onse abwerera kwawo. Ukakokoloka ndi mafunde, ayambiranso kufuna china.

Nasimango anasiya mwana wake Dolesi akukwawa. Tsopano ankamuona pafoni atavala yunifolomu.

Mutu uja unazuka, mano ali ndandanda ngati makasu. Koma kanjira kokwerera kanali kopanikiza, mwalawo sukanadutsa uli kumsana.

"Achemwali, tiyeni tiusiye," anatero Filesi, mng'ono wa Nasimango, madzi atafika m'mawondo.

"Tiusiye? Iwe ulibe mwana. Bwera nayo nsalu yako."

Nasimango anapinda nsaluyo kukhala nkhata n'kuika pamutu, monga anasenzera nkhuni moyo wake wonse.

"Nditwike."

"Chigoba sichifika m'khosi, achemwali!"

"Ndati nditwike! Ukufuna ndikalambire kuno?"

Filesi anamutwika akulira. Nasimango anayamba kukwera, khosi lili njo, akuseka. "Ukuona? Ngati dengu la thonje!"

Amene anapanga chigoba sanaganizepo za anthu osenza pamutu.

Atafika pamwamba, anzake anamutula, nthungululu zili pakamwa. Kapitawo anamuchotsa kabatani kaja. Nasimango anayasama, n'kugwera m'manja mwa Filesi. Mafupa a m'khosi anali ataphwanyika ali pakati pa njira. Chigoba ndicho chinkamuyendetsa.

Chilombo chija anachilumikiza fupa ndi fupa n'kuchiimika m'nyumba ya magalasi. Mafupa a Nasimango madokotala anawalephera. Ndege anaikwera ali gone pamachira.

Kunyumba, Dolesi anabisala kuseri kwa chitseko. Patapita nthawi anasendera n'kugwira dzanja la mayi ake.

"Amayi, ndikukutsinani. Mukumva?"

Nasimango anaona ndi maso zala za mwana zikufinya khungu lake. Tsiku limenelo analakalaka ululu kuposa chinthu china chilichonse.