Buleki ya Mkwatibwi

Inspekitala Rateb anafika ku shedi ya sitima zakale mumzinda wa Ma'an Lachitatu, nthawi ili 7:10 m'mawa. Mtembo unali chagada pakati pa njanji, patsinde pa chipilala choimitsira sitima. Chifuwa chinali chophwanyika. Anali Abu Zuhair, mkulu wa zaka 68, wosonkheza moto mu injini. Mapazi atatu kuchoka pamtembo panaima injiniyo, ikupuma nthunzi pang'onopang'ono ngati yosadziwa kanthu.

Injini imeneyi tonse timaidziwa. Inagona m'mchenga zaka makumi anayi, mpaka nkhalamba ziwiri zapachilamu, Abu Zuhair ndi Abu Nayef woyendetsa, zinaifukula n'kuyamba kuikonza. Zaka khumi ndi zinayi, abale inu, akupala dzimbiri ndi manja! Akazi awo ankati amuna athu anatenga mitala, ndiye anthu anangoitcha Mkwatibwi. Lachisanu likubwerali ndi pomwe inkayembekezeka kunyamula alendo koyamba, Abu Nayef ali pachiwongolero. Ankalankhula za tsikuli mumzikiti, pamsika, ngakhale pamaliro.

"Ngozi iyi, bwana," anatero Sajeni Mifleh. "Akuti zinjini za nthunzizi zimakwawa zokha zikatentha."

Rateb wagwira ntchitoyi zaka 26 ndipo mawu oti ngozi amamuyabwa. Anawerama. Pafupi ndi dzanja la malemu panali timagalasi ta tambula ya tiyi yosweka. Kenako anakwera mu injinimo, nayesa kupotokola gudumu la buleki ya pamanja. Linali gwa.

"Mifleh, chinthu chokwawa chokha chimabwerera m'mbuyo mapazi atatu n'kudzimanga buleki?"

"Aaa, ayi bwana."

"Ndiye siya zangozizo. Muno munali munthu."

Dokotala anati imfa inachitika cha m'ma 6 koloko, anthu atangochoka ku mapemphero a mbandakucha. Makiyi a shedi anali ndi anthu atatu: malemu, Abu Nayef, ndi Ghassan, woyang'anira maulendo a alendo. Mlonda ananena kuti Lolemba anamva Ghassan akukalipirana ndi malemu.

Nthawi ili 10:30, Ghassan anali m'chipinda chofunsira mafunso, thukuta kamukamu.

"Munakangana chiyani?"

"Ndimafuna tiike zokuzira mawu mu injinimo, alendo azimva nyimbo. Madala aja anati ndikangoboola chitsulo chimodzi andiponya m'ng'anjo."

"Inu n'kuwaphwanya."

"Ine? Bwana, ine ngakhale nkhosa ya pa Idi amandizingira ndi aneba!"

Rateb anamutengera ku shedi, namukweza mu injini. "Ibwezeni m'mbuyo tione."

Ghassan anayang'ana zitsulo zonse zija, nagwira paipi yotentha, n'kukuwa akuwaza dzanja. Mifleh anabisa nkhope. Munthu ameneyu sakanaisuntha Mkwatibwi ngakhale mutamupatsa chaka. Pofika masana mkazi wake ndi wophika buledi wa pakona anali atatsimikiza kuti 6 koloko anali pamzere wa buledi.

Rateb anatsalira yekha mu injinimo ndi kabuku ka malamulo a shedi. Anawerenga tsamba la kasiyidwe ka injini yamoto, akuyang'ana chimodzichimodzi. Buleki yomanga. Chitsulo cha magiya chili pakati. Timipope totayira madzi ta kunsi totsekula. Chogwirira cha nthunzi chopukuta, kansalu kopukutirako katapindidwa kanayi n'kukolekedwa pamsomali. Wakupha wofuna kunamizira ngozi akanangosiya zonse chisiyire n'kuthawa. Uyu anaona munthu wafa, komabe manja ake anakana kumusiya Mkwatibwi chisawawa. M'Ma'an monse anthu odziwa kumugoneka motere anali awiri, ndipo mmodzi anali ku mochale.

Mtima wa Rateb unalemera. Ali mwana, bambo ake anamutengapo kukaonerera Abu Nayef akuchita zomwe oyendetsa akale ankanyadira: kuika tambula ya tiyi pachipilala, n'kubweretsa injini mpaka kuikhudza osataya ngakhale dontho.

Nthawi ili 4:15 madzulo anapeza Abu Nayef pa tenti ya maliro. Mkati mwa nyumba munkamveka Umm Zuhair, mkazi wa malemu, yemwenso ndi mlongo wake wa Abu Nayef, akulira mosatonthozeka. Rateb anadikira kuti khofi adutse, kenako ananong'ona, "Bambo, tiyeni tikacheze pang'ono ku ofesi."

M'chipinda chija Rateb anathira tiyi, naika tambulayo patebulo mwakachetechete, chakumanzere.

"Imwani, bambo."

Dzanja la nkhalambayo linapita kumanja, linapapasa, linagwira mphepo. Linabwerera pang'onopang'ono n'kukabisala pansi pa tebulo.

"Anayamba liti masowo?" anafunsa Rateb.

Kenako Rateb anapitiriza.

"Munamanga buleki, Abu Nayef. Munatsekula timipope. Munapinda kansalu kanayi."

"Injini yamoto saisiya choncho, mwanawe," anayankha msangamsanga ngati akudzudzula wophunzira. Kenako anazindikira zomwe wanena.

"Fotokozani."

"Zaka ziwiri tsopano. Dokotala wa ku Amman anati mitsempha yauma, palibe chochita. Amene ankadziwa ndi alamu okha. Iwo ndiwo anali maso anga. Ankangoti, 'Patsala mapazi khumi, asanu, gwira,' anthu n'kumati madala akadali katswiri. Lero titayatsa moto anandiuza kuti, 'Alamu, Lachisanu mudzakhala ana m'mabogimo. Sindingathe. Mawa ndikawauza a komiti ya sitimayi.'"

"Inu munati chiyani?"

"Ndinawatukwana. Ndinati nsanje, mwakhala mukusirira mpando wanga kuyambira kale. Munthu amene anandisambitsira mtembo wa mwana wanga, ndinamunena zimenezo! Ndiye ndinati, imani pachipilalapo ndi tiyi wanuyo muone ngati ndili wakhungu. Ndiima chikhatho chimodzi patsogolo panu."

"Anakana?"

"Akanakana bwenzi lero tikudya limodzi." Misozi inatsikira m'ndevu. "Anati, 'Ukaima, ndikhala chete. Ukalephera, usiya wekha.' N'kukaima. Ndinkaona kachithunzi koyera, mkanjo wawo, ndinkati kali patali. Ndinkadikira mawu aja oti gwira. Koma tinali titapangana kuti asanene kanthu, ndipo alamu sanaphwanyepo pangano chibadwire."

"Munkadziwa kuti simukuona."

"Ndinkadziwa."

"Ndipo munatsekulabe nthunzi."

"Ndinatsekula. Ndinkafuna Lachisanu langa. Lembani choncho, musandichepetsere." Anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango wakumutu. "Ndinaibweza m'mbuyo, ndinawagwira, anali atapita. Ndinazindikira ndili kunja ndikukhoma chitseko. Za bulekizo sindikukumbukira n'komwe. Kenako ndinapita kukakhala pamaliro, mlongo wanga n'kumandigwira dzanja, akuti achimwene, mwatsala nokha."

Mifleh analemba zonse, mphuno ikumuvuta. Rateb anamva chisoni chomwe sanachimvepo pa akuba ndi zigawenga zonse zomwe anazigwira, koma anatchulabe mawu a lamulo mpaka kumapeto. Nthawi inali 5:02.

"Chimodzi chokha," anatero Abu Nayef. "Auzeni asathire madzi m'ng'anjomo. Moto uzime wokha, apo ayi zitsulo zing'ambika."

"Ndiwauza, bambo."

Nkhalambayo inaimirira, inakonza mkanjo, n'kutambasula manja onse awiri kuti aimange unyolo. Inawatambasulira kukhoma, komwe kunapachikidwa jekete la Inspekitala. Rateb anazungulira tebulo mosaponda mwamphamvu, nakaima pomwe manjawo analoza.