Chingwe Chosaduka

Anafika pa nyumba ya pampu kutada kale. Lole ya makala inawatsitsa pomwe msewu unathera, n'kutembenuka osatsanzika. Kutsogolo kunali mdima ndi mkokomo wa madzi. Telala anangoima, chikwama kumsana, ndodo yowedzera m'manja. Nsapato zake za m'tauni zinali zitamwa kale matope.

"Odi kuno!" anafuula mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake.

Mlonda wa pampu anatuluka ndi tochi. Anawaunika kumaso, kenako kumapazi.

"A m'tauni," anatero. "Lowani, udzudzu usakumalizeni."

Chinawatulutsa m'tauni ndi njala. Mashini osokera a Telala anali atakhala chete, anthu atathamangira kaunjika. Mlamu wake naye anali atamuchotsa ntchito yonyamula matumba kudepoti. Mlamuyo ndiye anabwera ndi nzeru. Iye anakulira m'mbali mwa mtsinje. Ankadziwa dziwe lina kuseri kwa mapiri, la milamba yonenepa ngati ntchafu. Kukawedza, kuwamba, kudzagulitsa. Basi.

Tsiku lonyamuka, mlongo wa Telala anawaperekeza mpaka pageti, mwana kumsana.

"Achimwene," anatero, "nsomba zikakana, zikane. Koma bambo a mwanayu mubwere nawo. Amadzimva awa akaona madzi."

"Ndikusungirani," anayankha Telala, akuseka.

Telala anali asanawedzepo chibadwire. Anagulitsa simbi yake yositira, nalowa m'sitolo ya zitsulo. Zomwe anapeza pa simbiyo zikanakwana chinthu chimodzi chabwino, osati ziwiri. Wogulitsa anayala katundu pakauntala. Zokulungira chingwe zinalipo ziwiri, china chachitsulo cholemera, china chapulasitiki chopepuka ngati chidole. Zingwe nazo ziwiri, choyera chopyapyala, ndi chobiriwira cholukidwa.

Telala anachita zomwe amachita ndi ulusi. Analuma choyera chija. Chinaduka. Analuma chobiriwira. Chinamucheka m'kamwa.

"Chimenecho sichiduka, bwana," anatero wogulitsa. "Mungakoke nacho galimoto."

Ulusi ankaudziwa. Ulusi wotchipa umang'ambitsa thalauza pagulu, manyazi n'kugwera wosoka. Koma bobini ndi bobini, ntchito yake n'kusunga ulusi. Anatenga chingwe chodula ndi chokulungira chotchipa. Anatuluka akudzitama mumtima.

M'chipinda cha mlonda munkanunkha dizilo. Mlamu anamangirira chokulungira chija pandodo, nazunguza chogwirira chake. Chinalira ngati chitseko cha dzimbiri.

"A Telala, kabobini kanu aka kali ndi chifuwa."

"Kazolowera, alamu."

"Ife tinkawedza opanda mashini. Chingwe padzanja, basi. Nsomba umaimva ndi khungu."

"N'chifukwa chake munathawira m'tauni."

Mlonda sanaseke. Anawauza njira. Kudutsa m'bango, kukwera phiri lopanda mitengo, kutsika kumanzere kwa mathithi.

"Mukafika padziwe," anatero, "musaime m'madzi. Eni ake alimo."

Ananyamuka m'mawa. Bango linawacheka m'manja ndi m'makutu. Matope anameza nsapato imodzi ya Telala, naisiya komweko. Paphiri mvula inawapeza popanda pobisala. Buledi ananyowa, nasanduka phala m'chikwama. Anamudya choncho, ndi zala. Anagona pansi pa thanthwe, fisi akulira kutsidya. Telala anakumbuka khonde lake, phokoso la maminibasi, wailesi ya wometa tsitsi.

Dziwelo analiona kutacha. Linali lalikulu, lakuda, lachete. M'mbali mwake munali miyala yoterera ndi mtengo umodzi pamtunda. Anapachika zikwama mumtengomo kuopa nyerere. Lumo la Telala, lalikulu lodulira nsalu, linali m'chikwama.

Mlamu anayamba ndi chingwe chake chakale. Anachikulunga padzanja, naponya. Nsomba inagunda, chingwe chinaduka. Anatukwana pang'ono, namanga mbedza ina. Inagundanso yaikulu. Chinadukanso.

"Zapita ndi mbedza zanga," anatero. "Izi si nsomba, ndi ng'ombe."

"Mwaona?" anatero Telala. "Ulusi wotchipa."

Dzuwa lisanafike pamutu, mbedza za mlamu zinali zitatha. Inatsala ya pandodo ya Telala. Mlamu anamuphunzitsa kutunga nyongolotsi, kuponya, kudikira. Anagwira tinsomba tingapo. Anatiwotcha, nadya ndi minga yomwe. Njala sinachoke, inangokhala pansi.

Chakumadzulo ndodo inapindika mwadzidzidzi.

"Kokani! Zunguzani!"

Telala anazunguza. Chokulungira chinalira, chinatsokomola, kenako mkati mwake munamveka kuthyoka. Mano apulasitiki anali atatha. Chogwirira chinauma gwa. Chingwe sichinkabwera, sichinkapita.

"Chakana, alamu!"

"Musasiye ndodo!"

Mlamu analumpha. Anagwira chingwe kutsogolo kwa ndodo, nachikulunga padzanja ndi pamkono, monga ankachitira kuyambira ali mwana. Anatsika pamwala, madzi m'mawondo.

"Alamu, mlonda anati chiyani?"

"Mlonda alibe mwana wodyetsa. Taonani mutuwo!"

Mlamba unatulukira, wakuda, wotalika ngati munthu, ndevu zili yangayanga. Mlamu anaseka. Anakoka, nakulunganso, nakoka. Nsomba inali pafupi.

Madzi anatseguka kumbuyo kwa nsombayo. Telala anaona mano, ndi diso. Ng'ona inatseka kamwa pamlamba, n'kutembenukira kwakuya.

Chingwe chinauma ngati waya.

Chikanakhala chake chakale chija, mlamu akanangotukwana n'kutuluka m'madzi. Ichi chinalowa m'mnofu. Anayesa kuchimasula ndi dzanja linalo. Chinali chitadzimanga chokha. Anakhoma mapazi pamwala. Mwala unali woterera.

"Dulani! A Telala, dulani!"

Telala anayang'ana kumtengo. Kunali kutali. Anakoka ndodo ndi mphamvu zake zonse. Phazi la chokulungira linathyoka, chokulungiracho chinathothoka pandodo, chinang'amba timphete todutsamo chingwe, n'kugwera m'madzi. Anatsala ndi ndodo yopanda kanthu.

Mlamu anawerama, naluma chingwe. Analuma ngati galu. Magazi anatuluka m'kamwa. Madzi anafika m'chiuno.

Telala anataya ndodo, nadziponya pamwala. Anagwira malaya a mlamu kumsana ndi manja onse. Malayawo anawasoka yekha, a pa ukwati wa mlongo wake. Kwa kanthawi anaima onse awiri, palibe wopita, palibe wobwera. Ankamva mlamu wake akupuma.

"Musandisiye, alamu."

"Sindikusiyani."

Mabatani anathothoka limodzilimodzi. Nsalu inang'ambika paphewa. Telala anagwa chagada, malaya ali m'manja.

Mutu wa mlamu unatulukira kamodzi, pakati pa dziwe. Sunafuule. Kenako madzi anatsekeka, nakhalanso chete.

Telala anathamangira kumtengo, natsitsa chikwama, natulutsa lumo. Anabwerera nalo pamwala. Anaima pamenepo, lumo lili m'manja, lotsegula. Panalibe chodula.

Anaitana mpaka mawu anatha. Kutacha anazungulira dziwe lonse, akusuzumira m'bango, akugwetsa miyala. Anatsatira mtsinje mpaka pomwe unalowa m'phompho. Sanapeze kanthu, ngakhale kachidutswa ka chingwe chobiriwira.

Anabwerera yekha, zikwama ziwiri kumsana, phazi limodzi lopanda nsapato. Paphiri anasochera, nadzapezanso njira. M'bango anaona nsapato yake ija itatulukira pamatope. Anaidutsa.

Mlonda anamuona akubwera chapatali. Anayang'ana kumbuyo kwake, nadikira. Anamupatsa madzi ndi mkeka. Telala anakhala pansi, nayala malaya aja pamiyendo. Zala zake zinayenda zokha m'misoko, monga mwa ntchito. Msoko uliwonse unali bwinobwino. Inang'ambika ndi nsalu.

Lole ya makala inafika kusanache bwino. Mlonda anamunyamulira chikwama cha mlamu mpaka pamsewu.

"Ndikauza anthu a kumunsi," anatero. "Akaona kanthu, ndidzatumiza uthenga ndi dalaivala yemweyu."

"Zikomo, bambo."

"Ali ndi banja?"

"Mlongo wanga. Ndi mwana."

Mlonda anapukusa mutu. Anakweza chikwama pamwamba pa matumba. Kenako anafunsa motsitsa mawu, ngati wofuna kumupeputsira katundu.

"Zimachitika, achimwene. Zinthu zotchipa za m'sitolozi. Ndiye chingwe chinaduka, iwo n'kugwera?"

Telala anakwera. Anakhala pathumba la makala, malaya atawapinda bwino pachifuwa. M'maganizo anaona geti lija, ndi mlongo wake ataima pamenepo, mwana kumsana, akuwerenga anthu otsika.

"Ayi," anatero. "Sichinaduke."

Dalaivala analiza injini.