Bambo a Consolata pa Maloboti

Takisi ya ana a sukulu itaima pa maloboti a ku Kya Sand, mu mzinda wa Joni, Consolata anawaona bambo ake. Anali m'gulu la amuna odikira ganyu m'mbali mwa msewu. Aliyense ankakweza chida cha ntchito yake kuti oyendetsa magalimoto achione, wina bulashi ya penti, wina fosholo. Bambo akewo, Bambo Elia, anakweza chigoba chovala powotcherera zitsulo, chomwe ankanyamuka nacho m'mawa uliwonse akunena kuti akupita ku fakitale.

"Taonani madala awo," anatero Twaambo, mnzake wa m'kalasi. "Eish, ngati abusa akudalitsa magalimoto."

Ana onse anaseka. Consolata anaseka nawo, kenako anawerama ngati akumanga nsapato mpaka takisi inadutsa.

Madzulo bambo ake anapempherera chakudya monga mwa masiku onse. Anathokoza Mulungu chifukwa cha mphamvu za m'manja mwawo, napempherera ndi anthu a m'mayiko a nkhondo. Atamaliza kupemphera, Consolata anawayang'ana.

"Ababa, ndinakuonani pa maloboti."

Iwo anayang'ana m'mbale.

"Fakitale inatseka mu Malichi, mwananga. Nkhondo ya kutali uko inakweza mafuta, zitsulo zinadula, ogula mageti athu anasiya kubwera. Pa wailesi akuti chuma cha Joni chayamba kudzuka. Kaya chikudzukira mbali iti, kuno sichinafike. Koma Mwini zonse sagona."

"Bwanji simunandiuze?"

"Uli ndi mayeso." Anamukankhira mbale ya ndiwo. "Inenso ndinakuona. Unachita bwino kuwerama. Anzako asamakuseke chifukwa cha ine."

Ananena mofatsa, mopanda mkwiyo, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamupweteka kwambiri. Akanamukalipira bwenzi zili bwino.

M'mawa mwake kunazizira koopsa. Amuna aja anali ataunjikana pa moto wa makatoni, ndipo palibe galimoto inkaima. Takisi itafika, Consolata anatsegula zenera, mphepo n'kulowa.

"Tseka iwe, tizizidwa," anadandaula Twaambo.

"Ababa," anaitana Consolata, akukweza dzanja. "Muyende bwino lero."

Bambo Elia anatembenuka. Anagwedeza mutu movomereza.

Twaambo anayang'ana pansi.

"Awo ndi bambo anga," anatero Consolata. "Amawotcherera mageti. Ngati kwanu lilipo lothyoka, undiuze."